Misomali ya kasinja

Bambo anga anamenya nawo nkhondo ya Azungu ku Burma. Za kumeneko sankakamba zambiri, kupatula za akasinja a Angelezi. Ankati chitsulo chake chipolopolo sichilowa, chimangogwa ngati matalala pa malata. Ndinakula ndikudziwa choncho. Bambo sanali munthu wabodza.

Nditafika ku Croydon, kwawo kwa Angelezi, ndinapeza ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Munali mkulu wina wachizungu, wogontha khutu limodzi. M'mawa wina ndikuwasambitsa ndinaona zipsera kumsana, zing'onozing'ono, zambiri, ngati wina ankazimitsirapo ndudu.

"Zipolopolo izi, bwana?"

"Ayi. Ndinali dalaivala wa kasinja, kuchipululu."

Ndinawauza kuti anali ndi mwayi, nkhondo yonse ali m'chitsulo chosaboola. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwayi? Chinandipweteka ndi kasinja wangayo."

Anati zitsulo zake sanawotcherere, anangolumikiza ndi misomali ikuluikulu. Bomba likagunda kunja, ngakhale lisaboole, mitu ya misomaliyo inkaduka n'kumauluka m'kati. Mnzawo wowomba mzinga, mutu wa msomali unamulowa pakhosi, anafera pamsana pawo. Mzingawo unali waung'ono, chifukwa kasinjayo anamupanga wopapatiza kuti azikwana pa sitima ya panjanji za kuno. Akasinja ena injini inkafa ndi mchenga, mdani asanaoneke n'komwe.

"Kuti azikwana pa sitima?"

"Pa sitima, mwana wanga."

Ndinangoima, thaulo lili m'manja. Anthu ophunzira, okhala ndi mafakitale, kutsekera ana awo m'chinthu chotero. M'mutu mwanga simunalowe. Koma chinandiwawa kwambiri ndi china. Nkhani ya bambo ija ndinali nditauza kale ana anga, kangapo, monyadira. Bambowo anamwalira kalekale, woti ndimufunse panalibe. Ndinawafotokozera mkulu uja nkhaniyo.

"Ndiye bambo anga ankandinamiza?"

"Ankakhala pati bambo akowo?"

"Kunja. Ankayenda pansi, kumbuyo kwa kasinja."



"Ananena zimene anaona. Zipolopolo za mfuti zinkagwadi. Zam'kati akanaziona bwanji? Ife tinkasuzumira pakabowo, kuona anyamata oyenda pansiwo, n'kumati awa zikavuta adumphira m'dzenje. Ife tidumphira kuti?"

Anakweza mkono kuti ndiwatsuke m'khwapa. Ndinawatsuka mpaka anandiuza kuti ndikuwakanda.