Pulagi Imene Ndinadula

Maikolofoni ya a Mukhito ndinaiotcha ndine. Si mphezi ayi.

A Mukhito ndi mkulu wa kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Milepa. Atamva kuti ndayamba kujambula nyimbo pakompyuta, anandibwereka maikolofoni yakalekale imene anawasiyira wansembe wina wa ku Canada. Inali ndi kagalasi konga babu m'kati, ndipo magetsi inkalandira kudzera m'bokosi lakelake lolemera.

"Mwanawe, ufunse kaye kwa odziwa usanayatse," anatero. "Ndikufuna undijambule mawu asanandithere."

Sindinafunse munthu. Pulagi ya bokosilo inali ya mano awiri opyapyala, yosalowa pakhoma. Ndinaidula ndi mpeni n'kulumikizapo pulagi ya simbi yamagetsi ya mkazi wanga. Nambala ya 110 imene inali kumbuyo kwa bokosi ndinaiona bwinobwino, koma ndinkayesa kuti ndi nambala wamba ya kufakitale, osadziwa kuti ikutanthauza kuti bokosilo limafuna magetsi ochepa mphamvu kuposa athu.

Nditayatsa, bokosi linalira ngati njuchi, kenako phu! Nyumba yonse fungo la tsitsi lopserera.

Ndinabwezeretsa pulagi yakale ija, n'kukulunga ndi tepi yakuda, n'kukawauza kuti mphezi ya dzana ija yaotcha zonse.

Anaisisita maikolofoniyo nthawi yaitali. "Pepa mwanawe, ndakuika m'mavuto. Bola iweyo uli moyo." Anandipatsanso nandolo m'jumbo.

Nandoloyo tinadya. Mawu awo tsopano anasasa, sayimbanso. Koma Lamulungu lililonse amandigwira dzanja pakhomo la tchalitchi n'kumauza anthu, "Uyu Mulungu anam'pulumutsa ku mphezi."

Ine ndimangoti ameni.