Dengu la a Velika pa Nsanja

Kwathu ku Gorni Lag sewero silikhala ndi katundu wakewake. Holo ya mudzi ili ndi nsanja, mabenchi, ndi katani yofiira yomwe njenjete zinaidya m'munsi, basi. Zina zonse amachita kubwereka khomo ndi khomo, moti anthu akamaonera sewero amaoneranso mipando ya anzawo, n'kumaona kuti uyu amapukuta fumbi, uyu ayi. Ndiye pali kachikhulupiriro kena kopusa komwe palibe anakwanitsa kukachotsa m'mitu mwathu: nyumba imene katundu wake waonekera kwambiri pansanja, nkhaniyo ndi ya nyumba imeneyo.

A Velika ankazidziwa bwino zimenezi. Anabadwira momwemo, ndipo anaphika pasukulu ya mudzi zaka zawo zonse zamphamvu, mpaka sukuluyo inatsekedwa ana atatha, makolo atapita nawo ku Jeremani ndi ku Sipeini. Theka la abambo a m'mudzimo anakulira msuzi wawo wa nyemba, ndipo mpaka lero akakumana nawo amabisa ndudu kumbuyo. Ndi mayi wamfupi, wa manja olimba, wosadziwa kuphika pang'ono. Mwana wawo yekhayo ali kunja, pakhomo anatsala awiriwiri, koma poto amatereka ndi yaikulu yomwe ija.

Amuna awo, a Stoimen, ankakonza mathirakitala. Si munthu wopsa mtima msanga kapena wolongolola, koma vuto lawo linali limodzi: akanena chinthu, chanenedwa. Tsiku lina ananena kuti asiya fodya, ndipo paketi yotsegula inakhala pawindo mpaka inachita nkhungu. Ndiye pamene mng'ono wawo Nedelcho anadula mpesa umene bambo awo anabzala pamalire, ati unkatchingira dzuwa tomato wake, a Stoimen anaima pamsewu anthu akumva n'kunena kuti, "Wa m'nyumba mwanga amene adzaponde pabwalo la munthu uyu asadzapondenso pakhomo panga." Zaka zinadutsa zambiri abale awiriwo osapatsana ngakhale moni. Pamaliro a mkazi wa Nedelcho a Stoimen anaima kunja kwa mpanda wa tchalitchi, chipewa chili m'manja, osalowa.

Kenako Nedelcho anafa ziwalo mbali imodzi. Ana ake ali kutali, amaimba foni pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. A Velika anapirira masabata angapo, koma munthu amene wadyetsa ana a eni moyo wake wonse sangapeze tulo akudziwa kuti mlamu wake akulimbana ndi buledi wouma ndi dzanja limodzi. Anayamba kupita kumanda Lachinayi lililonse, ati kukayatsa kandulo pamanda a apongozi awo. Njira ya kumandako imadutsa kuseri kwa nyumba ya Nedelcho. M'dengu munkakhala makandulo pamwamba, koma pansi pa nsalu panali poto ya msuzi wotentha, tchizi ndi tsabola wootcha.

Sankaopa kumenyedwa ayi, a Stoimen sanakwezepo dzanja chikwatirane. Chimene ankaopa n'chakuti bamboyo akadzadziwa adzatulutsa sutikesi yawo mwaulemu n'kuiika pakhonde, mtima ukumupweteka, kungoti ananena. Pa msinkhu wawowo, akanalowera kuti?

Amalemba masewero kwathu ndi a Ruska, osunga laibulale ya m'holomo, ndipo windo la khitchini lawo limayang'ana njira ya kumanda. Chikondwerero cha mudzi chitayandikira, a Ruska anafika kwa a Velika kudzabwereka tebulo. A Velika anavomera, poti kukana kukanaoneka ngati ali n'chobisa. Koma mlendoyo akutuluka anaona dengu lili pamsomali.

"Ilinso nditenge, anzanga. Likufunika kwambiri ili."

"Madengu atha m'mudzi muno kodi?"

"Alipo, koma enawo ndi atsopano. Ndikufuna looneka kuti layenda."

"Seweroli ndi la chiyani?"

"Zobisirana m'banja. Mubwere ndi bambo, ndikusungirani malo kutsogolo."

Masiku otsatirawo chakudya sichinkawatsika a Velika. Anayesa kudwala mutu, koma a Stoimen anali atanena kale kuti apita kukaonera, ndiye za mutuzo zinathera pomwepo. Lamlungu masana, anthu atakhuta nyama yankhosa ya chikondwerero, holo inadzaza mpaka ena anakhala m'mawindo. Awiriwo anakhala pabenchi lakutsogolo, a Stoimen atapinda manja, chipewa chili pabondo.

Katani itatsegulidwa, tebulo lawo linali pakati penipeni, ndi chipsera chake cha simbi pakona.

"Tebulo la a Velika ilo," anatero wina kumbuyo, osanong'ona n'komwe.

Pakhoma anapachikapo wotchi yaikulu ya a Temenuga, mkazi wa woimbitsa kwaya, ndipo pampando panali jekete lachikopa la a Gergin a pagolosale. Koma a Velika sankaona zimenezo. Maso awo anali padengu, lomwe linali patebulopo litaphimbidwa ndi nsalu monga momwe iwo amaliphimbira.

Mwamuna wa m'seweromo anali Parvan wometa tsitsi, mkazi wake anali mtsikana wa kupositi atapaka ufa kumutu kuti aoneke wa imvi. Nkhani inali yoti mayiyo amachoka pakhomo sabata iliyonse atanyamula dengu, ati kukaona azakhali ake odwala, ndipo mwamunayo wayamba kukayika. Naye mwamunayo anali ndi zake. Mkazi akangotuluka, ankatsegula kachitseko ka wotchi n'kutulutsamo botolo la rakiya, kachasu wakwathu, ndipo m'thumba la jekete munali ndolo imodzi yosadziwika mwini wake.

Kwathu anthu saonera sewero ali chete. Amalangiza.

"Mufunse muli chiyani m'dengumo, Parvan."

"Angafunse ameneyo? Kwawo komwe safunsa."

"Mutsate kumbuyo, wopusa iwe."

"Amutsate ndi bondo lakelo? Adzafika azakhaliwo ataikidwa kale."

Holo inkagwa nacho chiseko, koma a Velika kuseka kulikonse ankakumva ngati anthu akuseka iwo. Ankaona ngati maso a mudzi wonse ali pamsana pawo. Anaba kuyang'ana amuna awo, koma nkhope ya a Stoimen inali yomwe amavala akamamvetsera injini, yosati n'kudziwa ngati amva vuto kapena ayi.

Nthawi yopuma itakwana, a Velika anathawira kumpopi kuseri kwa holo kuti akasambe kumaso. Anapezako a Temenuga akumina m'kampango, maso ali psu.

"Ruska wandivula pagulu, anzanga," anatero a Temenuga. "Ndamulakwira chiyani ine?"

"Inu? Wakutani?"

"Wotchi ija si yanga? Mudzi wonse wadziwa tsopano kumene kumakhala botolo. Ndipo si la bambo ayi, bambo samwa, amasunga mawu a kwaya. Ndi langa. Kadontho kokha madzulo, chifukwa cha mawondowa."

A Velika asanayankhe, anaona a Gergin akuzemba pageti lakumbuyo ali m'malaya okha, akazi awo akuwatsata ndi liwiro lomwe palibe ankadziwa kuti ali nalo. Pansi pa mtengo abambo ankasuta fodya mwakachetechete modabwitsa, aliyense maso ali pansapato zake. Mayi wina ankafunsa mnzake ngati sofa yake ya pansanjapo inaoneka bwinobwino kuchokera kumbuyo, ndipo atamva kuti sinaoneke anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Nanga dengu lija anthu akuti chiyani?" anafunsa a Velika mosamala.

"Dengu liti?" anatero a Temenuga. "Munali dengu?"

Pamenepo a Velika anapuma mpweya waukulu koyamba sabata imeneyo. Kani mudzi wonse unali kalikiliki ndi mantha akeake, palibe anali ndi maso otsala oti n'kuyang'anira iwo. Anamva chisoni ndi a Temenuga, komanso kunena zoona anasangalala. Komabe mudzi si umene unanena mawu aja pamsewu. Amene anawanena anali akadali pabenchi, sanadzuke ngakhale kukawongola miyendo.

Gawo lachiwiri ndiye linawathera mphamvu. Parvan anamutsatadi mkazi wake, n'kupeza kuti kulibe azakhali, kulibe chibwenzi. Mayiyo ankapititsa chakudya kwa mwana wawo wamkazi, amene bamboyo anamuthamangitsa atakwatiwa ndi munthu wosamufuna, n'kulumbira kuti womuyendera asadzabwerenso pakhomo. A Velika anagwira benchi ndi manja onse awiri. A Ruska anangosintha mlamu kukhala mwana, zina zonse anazisiya momwemo.

Pansanja mayi uja anabwerera kunyumba n'kupeza mwamuna wake ataima pakhomo. Holo inagawikana.

"Analumbira munthuyo, asunge mawu ake," anatero bambo wina.

"Mawu akewo adzamuphikira?" anayankha mayi wina.

"Akanamuuza poyamba pomwe."

"Inu mumauzidwa zonse kwanu, eti?"

Parvan ataona kuti anthu atenthedwa, anawonjezera zake. Analanda dengu lija n'kuyamba kulizunguza m'mwamba ndi chogwirira, akukuwa kuti mkaziyo atenge zake azipita, ndipo zinkaoneka kuti akufuna kulimenyetsa pansi. Apo ndi pamene a Stoimen, munthu woti sanayankhulepo pamsonkhano uliwonse wa mudzi, anaimirira.

"Parvan, tsitsa dengulo."

Anthu onse anacheukira kwa iwo.

"Ndi sewero ili, a Stoimen," ananong'ona Parvan, dzanja lili m'mwamba.

"Sewero lako ndilibe nalo kanthu. Chogwiriracho ndachimanga ndi waya posachedwapa, sichinalimbe kwenikweni. Dengu limenelo limanyamula poto yotentha kukwera nayo mtunda, ukalithyola uotchetsa miyendo ya mkazi wanga. Liike pansi bwinobwino. Ndipo mayiyo musiye alowe m'nyumba mwake, waima nthawi yaitali."

Anakhala pansi n'kubwezera chipewa pabondo. Anthu anaphulika nako kuseka, ena kuwomba m'manja, ati makaniko wokalamba akulondera katundu wake. Parvan anaika dengu patebulo mwaulemu ngati muli mazira, ndipo mawu ake onse anamuthawa. A Ruska ankamunong'oneza kuseri kwa katani mokweza moti akumbuyo ankamva, koma iye anangotambasula manja n'kumukumbatira mtsikana wa kupositi, ufa uli kobo. Sewero linatha msanga kuposa mmene linalembedwera, ndipo amayi ambiri analira ndithu.

A Velika sanaseke, sanawombe m'manja. M'makutu mwawo munatsala mawu awiri okha, poto yotentha. Anayang'ana dengu lija ali pomwepo n'kuuonadi wayawo, wokulungidwa bwino kunsi kwa chogwirira. Anali atalinyamula choncho kangapo osauona, poti popita kumanda maso awo ankakhala m'mawindo a anthu.

Sewero likatha, aliyense amasenza katundu wake kubwerera naye kwawo. A Temenuga anatuluka atakumbatira wotchi yawo, amuna awo akuwafunsa chimene chikukhuchuka m'katimo. Jekete la a Gergin linatsala lokha pampando. A Stoimen anagwira tebulo kutsogolo atatembenuza msana, a Velika kumbuyo, dengu lili pamwamba, n'kuyamba kutsika ndi msewu dzuwa likadalipo.

Atapitirira nyumba zingapo, a Velika analimba mtima.

"Munadziwa liti, bambo?"

"Mayi anga ali moyo munkachita kukakamizika kuwapatsa moni. Ndiye amwalire, muyambe kuwapititsira nyemba?"

"Nanga osanena bwanji?"

A Stoimen anaima, ndipo anatsitsa tebulo pansi kuti apumule. Sanatembenuke.

"Ndikananena, ndiye kuti ndadziwa. Ndikadziwa, ndiye mawu aja ayenera kuchitika. Lachinayi lililonse ndinkapita dala kumunda kuti tisakumane pageti. Inu munkaopa kuti ndidziwa, ine ndinkaopa kuti tsiku lina mudzandiululira."

"Ndiye lero? Mwanena pamaso pa mudzi wonse."

"Lero ndaona mmene munthu amaonekera akamathamangitsa mkazi wake chifukwa cha pakamwa pake. Parvan kusewera sadziwa, koma kupusako kwaoneka bwino." Anakanda kukhosi. "Mawu aja ndawabweza. Aka n'koyamba, musazolowere."

A Velika anakhala pamphepete pa tebulo pakati pamsewu, akuseka uku misozi ikutsika. Mtima wawo unapepuka moti anayamba kumva njala, yomwe inali itawasowa sabata yonse.

"Nkhalamba yovuta inu," anatero. "Mwandionditsa pachabe."

"Simunaonde. Tebuloli likudandaula."

Analinyamulanso n'kumapita. Anayenda kamtunda ndithu mpaka anafika pamphambano pomwe njira ya kumanda, yodutsa kwa Nedelcho ija, imapatukira. A Stoimen anachepetsa liwiro, maso ali kutsogolo.

"Akudya?"

"Akudya. Kungoti amataya kwambiri, dzanja limanjenjemera. Ndipo akadya pang'ono amakankha mbale, ati kudya yekha sikumukomera."

A Stoimen anasintha kagwiridwe ka tebulo, n'kuyambanso kuyenda.

"Lachinayi muikemo mbale zitatu," anatero.