Tsiku Limene Ndinatsegula Kabureta ya Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mlongo wanga Yosefe anabadwa. Tinkakhala ku Kaphuka, m'mudzi wa m'mbali mwa phiri, kumene m'mawa chifunga chimafika mpaka pakhonde. Bambo anga, a Fabiano, ankalima chimanga ndi mbatata ya kachewere. Anali ndi njinga yamoto yakalekale, yofiira koma utoto utasuluka, imene ankanyamulira matumba a mbatata kupita nawo ku msewu waukulu.

Nthawi imeneyo amayi anali kuchipatala, ku chidikiro, pamodzi ndi mayi anga aang'ono. Mimba ya amayi yam'mbuyo inatha ndi maliro, choncho anamwino anawauza kuti ulendo uno asadikirire kunyumba. Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi bambo. Sabata yomweyo bambo anadzitema ndi chikwanje kudimba, ndipo chala chachikulu ndi chamkombaphala za dzanja lamanja zinali zokulungidwa bandeji. Khasu ankagwira movutikira, koma batani la malaya ndinkawamangira ndine.

Loweruka m'mawa a Nasibeko, aneba athu amene anali ndi foni, anatulukira pabwalo akuthamanga, mpango uli m'manja.

"A Fabiano! Kwabadwa mwana wamwamuna! Onse ali bwino!"

Bambo anadumpha mpaka chipewa chinagwa. Anavina pabwalo paja ngati mnyamata, a Nasibeko akululutira, nkhuku zikubalalika.

"Estere," anandiitana, "tenga ufa, shuga ndi bulangete latsopano lija. Tikupita tonse."

Anatulutsa njinga m'khitchini mmene inkagona, n'kutsegula kampopi ka petulo. Asanakwere n'komwe, tinamva fungo. Petulo ankachucha pa kapaipi ka pansi pa injini, n'kumanyowetsa dothi. Bambo anatseka kampopi kaja mwachangu. Mu thanki munali petulo wongokwanira kupita ndi kubwera, ndipo pafupi panalibe pogula wina. Chakumadzulo mitambo inali itayamba kuda. Mvula ikagwa, msewu wathu wa katondo unkaterera ngati therere, ndipo kamtsinje ka kumunsi kankadzaza.

Anagogoda pambali pa injini ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, monga ankachitira masiku ena, n'kutsegulanso. Petulo anachuchabe. Anayesa kumasula ndi dzanja lamanzere, sikuludiraiva n'kumangoterereka. Kenako anandiyang'ana.

"Bwera kuno, mwana wanga. Lero umasula ndiwe."

Anayala thumba pansi, ine n'kugwada. Anandilozera chitsulo china chotuwa kuseri kwa injini.

"Iyi ndi kabureta. Petulo amakumana ndi mpweya umu asanalowe mu injini. Pansi pakepa pali kambale kosungira petulo, ndipo m'kambalemo muli fuloti, kachitsulo kopanda kanthu m'kati kamene kamayandama. Kambale kakadzaza, fuloti imakwera n'kukankha kasingano kotseka njira. Kasinganoko kakapanda kutseka, petulo amasefukira. Ndi zimene ukuonazi."

A Nasibeko anagwira pakamwa. "Ha, mwana wamkazi ndi zitsulo? Anzake akutunga madzi uku."

"Zala zake zikulowa pamene zanga sizilowa," anatero bambo. "Khalani pompo muonerere."

Sikuluu yoyamba inakana. Ndinalimbana nayo mpaka dzanja linachita thukuta. Bambo anati, "Kanikiza kaye, kenako potoza. Ukapotoza usanakanikize, mutu wake utha, ndiye tagona pano." Ndinakanikiza ndi thupi lonse, ndipo inalira kuti khe, n'kuyamba kuzungulira. Masikuluu onse ndinaika m'mbale yodyera kuti asasowe m'fumbi.

M'kambale muja munali zinyalala za dzimbiri ngati masamba otsalira m'kapu ya tiyi. Ndinapukuta ndi kansanza, ndinapukutanso kasingano kaja, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Tinabwezera zonse, bambo n'kutsegula kampopi. Tinadikira pang'ono. Dontho linatuluka, lina n'kutsatira, kenako kuchucha ngati poyamba paja.

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinkaganiza za amayi akuyang'ana kukhomo la wodi, amuna a anzawo akulowa, awo osaoneka. Bambo anayang'ana kumwamba kwa nthawi, n'kupumira m'mwamba. Ndinkayembekezera kuti anena kuti tiyende wapansi, ulendo woti tikanafika dzuwa litalowa. Koma iwo anangoseka.

"Chabwino. Tsopano tadziwa kuti vuto si zinyalala. Masulanso."

Ulendo wachiwiri manja anga anali atazolowera. Anandiuza kuti ndisolole kamsomali kogwira fuloti, ndipo fuloti ija inagwera m'dzanja langa. Inali yamkuwa, yooneka ngati ting'oma tiwiri tolumikizana. Bambo ali kuyang'anitsitsa kasingano, ine ndinangoigwedeza mosewera, ndipo ndinamva kanthu kakukhutchumuka m'kati.

"Ababa, umu muli madzi."

Anaitenga, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. Nkhope yawo inawala.

"Si madzi, ndi petulo! Yabooka, n'chifukwa chake ikumira. Mayi Nasibeko, muli ndi madzi otentha?"

A Nasibeko, amene tsopano anali atagwada nafe limodzi, anathamangira kwawo n'kubwera ndi kapu ya madzi otentha. Bambo anandiuza kuti ndimize fuloti ija ndi kamtengo, kutali ndi moto. Posakhalitsa tithovu tating'ono ngati mikanda tinayamba kutuluka pamzere wolumikizira. Kabowo kake sikankaoneka n'komwe ndi maso. Ndinakanda pamalopo ndi msomali kuti pasasowe, ndipo tinaisiya m'madzi otenthawo, tikuigwedeza, mpaka m'kati munauma.

"Thamangira nayo kwa a Zakeyu akaimate," anatero bambo. "Uwauze kuti mtovu wake ukhale wochepa. Ikalemera imiranso."

A Zakeyu ankakhoma ndowa ndi makeni othirira m'dimba, kuseri kwa tchalitchi chathu chaching'ono. Ndinawapeza chitsulo chawo chomatira chili kale pamakala. Anainunkhiza fuloti ija, n'kuigwedeza.

"Mwatulutsa petulo yense umu? Sindikufuna kupsa ndevu ine."

Nditawauza za mwana, anasiya ndowa imene ankamata. Anapala pamalo pokanda paja mpaka panawala, n'kugunditsa nsonga ya chitsulo kamodzi kokha. Panatsala kadontho konyezimira ngati diso la kansomba.

"Thamanga, ukawauze mayi ako kuti a Zakeyu akuti mwana ameneyu adzakhale wokhoma ndowa."

Nditabwerera tinaimizanso m'madzi otentha, ndipo thovu silinatuluke. Ndinabwezera fuloti, kasingano, kamsomali ndi kalabala kapakamwa pa kambale, bambo akundiuza kuti ndimange masikuluu mosinthanasinthana kuti kambale kakhale bwino. Anatsegula kampopi. Tonse atatu tinawerama, maso pa kapaipi. Sipanatuluke kanthu. A Nasibeko anapisa chala pansi pake, n'kuchionetsa m'mwamba chili chouma, ndipo anaimba nthungululu yoposa yam'mawa ija.

Njinga inalira bambo atangoponda. Ndinakhala kumbuyo, bulangete lili pakati pathu, thumba la ufa litamangidwa ndi mphira. Tinatsetsereka pakati pa minda ya mbatata imene inali itachita maluwa, mphepo yozizira ikundiluma m'makutu, bambo akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokuwa, akulakwitsa mawu. Aliyense wokumana naye ankamufuulira kuti, "Wamwamuna!" Madontho oyamba a mvula anatipeza tikulowa pageti la chipatala.

Amayi anali atakhala pabedi, otopa koma akumwetulira, kamwana kali pachifuwa. Bambo anagwada pambali pa bedi. Ine nditatambasula manja kuti ndinyamule mwana, amayi anakwinya mphuno.

"Fungo la petuloli likuchokera kwa yani?"

Pamenepo bambo anaimirira n'kufotokozera wodi yonse, amayi ogona m'mabedi ena ndi namwino yemwe, mmene mwana wawo wamkazi anapezera bowo limene iwo sanaliganizire. Anawonjezera zina ndi zina, ine n'kubisa nkhope m'bulangete.

"Kasambeni m'manja, a makanika," anatero amayi akuseka, "mubwere mudzanyamule mlongo wanu."

Kwa zaka zambiri ndinkaifotokoza nkhaniyi ngati ya luso langa. Ndinayamba kuiona mwina nditakhala ndi ana anga. Bambo tsiku limene lija mtima wawo unali kale kuchipatala, mvula ikubwera, mwana wawo asanamuone. Koma m'mawa wonse uja sanandiuzepo kuti ndifulumire, ndipo zitakanika koyamba sanandilande sikuludiraiva. Akanandikalipira, sindikanakhala ndi mtima woseweretsa fuloti ija m'manja, ndipo sitikanamva petulo amene anali m'katimo. Masiku ano mwana wanga akamalimbana ndi chingwe cha nsapato, ife tikuchedwa ku Misa, manja anga amayabwa kuti ndingomumangira. Ndimawapinda kumbuyo, n'kugwada pambali pake, n'kumuuza kuti ayesenso.