Hutala ya Mayi Philo pa Kona ya Garvin

Kuno ku Rosalie minibasi ya Mayi Philomen Laronde timaidziwa tisanaione. Imayamba kumveka ndi hutala, kawiri, kenako imatulukira yokha, yobiriwira, ikuyenda ngati yanyamula mazira. Madalaivala aamuna amaitcha galimoto yamaliro.

Utsikana wawo wonse Mayi Philo ankasenza nthochi, nthawi ija nthochi zinali ndi msika. Basi inali ya amuna awo, Bambo Augustus. Matenda a shuga atawalanda maso bambowo, mayi anagwira chiwongolero, bambo n'kukhala pambali kumawauza msewu kuchokera m'mutu: apa chepetsa, apa liza, apa anagwerapo uje. Bambowo anatisiya kalekale, koma chizolowezi chinatsala. Pa kona iliyonse pamene munthu anaferapo, Mayi Philo amachepetsa liwiro, n'kuliza hutala kawiri, n'kutchula dzina la munthuyo chapansipansi. Amati ndi moni chabe. Makona oterowo ndi ambiri, n'chifukwa chake safika msanga kulikonse.

Moni ameneyu ndi amene ndinkamuopa. Mwamuna wanga Garvin anagwera kuphompho ndi lole ya mchenga chaka chatha, pa kona ina kupitirira Morne Jaune, ndipo chichitikireni ngoziyo ndinali ndisanadutseponso. Mwana wathu Odessa, wa zaka zinayi, ankangodziwa kuti adadi ake ali kwa Mulungu. Sankadziwa kuti pali malo enieni, a miyala ndi udzu, pamene ananyamukira. Sindinkafuna kuti adziwe. Koma agogo ake ku La Plaine ankangotumiza uthenga kuti amusowa, nayenso mwana sanaiwale lonjezo la adadi ake loti adzamuonetsa mathithi a Sari Sari, amene ali kufupi ndi kwa agogoko. Msewu ndi umodzi wokha. Madalaivala othamanga aja sindikanawakwerera ndi mwana wanga. Otsala anali Mayi Philo.

Tsikulo basi inafika itadzaza alendo a m'sitima yapamadzi, ofiira ndi dzuwa, nawonso akupita kumathithi.

"Shernelle, bwera kutsogolo kuno ndi kamtsikanako," anatero Mayi Philo. "Kumbuyoko akujambula ngakhale mbuzi, angakujambule nawe."

Nditakhala ndinawanong'oneza kuti, "Mayi, ndikupempheni. Pamalo paja, lero lokha, musalize."

Anandiyang'ana, anayang'ana Odessa. "Ndamva, mwana wanga."

Tisanapite patali, Lennox, dalaivala wachinyamata wa kwathu, anatipitirira nyimbo zili phokoso, mutu uli pazenera.

"Mayi Philo, maliro a lero ndi a ndani? Tikakusungireni madzi pang'ono kumathithi?"

"Pita, mwana wa Agatha," anamuyankha. "Mayina ndili nawo okwanira, lako sindikulifuna."

Mpando wanga unali mbali ya kunyanja. Ndikasuzumira pansi ndinkaona mafunde akumenya miyala yakuda, thovu lili mbuu. Ndinamugwira Odessa mpaka anadandaula kuti ndikumupweteka. Choncho ndinasiya kuyang'ana kunja, n'kuyamba kuyang'ana manja a Mayi Philo. Ndi manja aakulu, okhakhala, ogwira chiwongolero mosaumiriza. Wailesi sayatsa. Zenera lawo limakhala lotsegula, chifukwa amati phiri likafuna kugumuka limayamba kununkhira dothi lonyowa. Pansi pa mpando wawo panali chikwanje, chikugunda chitsulo pa kona iliyonse.

Hutala inalira kawiri. "Bambo Cuthbert," iwo anatero. Patsogolo pang'ono inaliranso. "Merlina ndi mwana wake."

"Mukulizira ndani?" Odessa anafunsa.

"Ndikupatsa moni anthu anga."

"Ali kuti?"

"Sakonda kuonekera, koma amamva."

Mwanayo sanachedwe kuzindikira kuti paliponse pamene hutala ikulira pali kamtanda koyera m'mbali mwa msewu. Anayamba kumakaloza yekha, akusangalala ngati ndi masewera. Ine ndinkangowerenga makona otsala.

Kona ya Garvin ndinaidziwira chitsulo chatsopano chotchinga kuphompho. Mayi Philo anachepetsa liwiro, dzanja lawo linanyamuka lokha kupita pa hutala, koma analibweza. Ndinatseka maso kuti tidutse. Nthawi yomweyo kumbuyo kunamveka mawu, alendo akupempha kuti tiime, ati pamenepa ndiye pokongola kuposa ponse tadutsa. Sankanama. Gombe lonse limaonekera pamenepo, mapiri obiriwira akutsikira m'nyanja. Mayi Philo anayesa kunena kuti patsogolo pali pena pabwino, koma mayi wina anali ataimirira kale, dzanja lili pachitseko. Basi inaima.

Alendo anatsika onse. Bambo wina anatsamira chitsulo chija akumwetulira, mkazi wake akumujambula. Pafupi ndi phazi lake panali kamtanda koyera, kopaka penti watsopano, udzu wozungulira utatchetchedwa bwino. Sindinafunse amene amatchetcha. Chikwanje chija chinali chitakhala chete pansi pa mpando.

"Mayi Philo, apa mwaiwala," anatero Odessa. "Kamtanda ako. Munthu wanu akwiya."

Mayi Philo sanamunamize, komanso sanaswe lonjezo lawo. Anangoyang'ana kutsogolo. "Uyu si wanga ndekha. Funsa amayi ako."

Odessa anatembenukira kwa ine. Ndikanatha kunena kuti hutala yawonongeka. Koma ndinaganiza kuti mayi uyu wakhala akumupatsa moni Garvin tsiku lililonse, kupita ndi kubwera, pamene ine mkazi wake ndinkaopa ngakhale kutchula dzina lake patebulo.

"Ameneyu ndi adadi ako," ndinatero. "Ananyamukira pano."

Anayang'anitsitsa kamtandako nthawi yaitali. Ndinkadikira kulira, kapena funso loti zinali zowawa. Iye anafunsa kuti, "Nawonso amamva?"

"Uyu ndiye ankamva kwambiri," Mayi Philo anayankha. "Ankandipitirira n'kumandifunsa ngati ndikufuna andikoke ndi chingwe. Tabwera kuno."

Anamunyamula n'kumukhazika pamiyendo pawo. Odessa anadina hutala ndi manja onse awiri, kawiri, monga anaonera.

"Adadi, tikupita kumathithi."

Alendo aja anaganiza kuti tikuwaitana. Anathamanga kudzakwera akupepesa kuti atichedwetsa, ndipo Mayi Philo anawauza kuti palibe kanthu.

Kumathithi Odessa ananyowa thupi lonse, n'kukana kuchoka mpaka agogo ake anamunyengerera ndi buledi wa kokonati. Madzulo tinakweranso basi yomweyo. Titayandikira kona ija sindinatseke maso. Mayi Philo analiza kawiri, koma dzinalo sanalitchule. Anandisiyira, ndipo ndinalitchula.