Makoswe Amene Sanadye Waya

Nkhaniyi sindinachite kumva kwa munthu iyayi, inandichitikira ndekha, ndipo wokayika abwere ndimutsegulire sutikesi aone mapepala ake, pakuti ine sinditaya ngakhale kakalata koitanira ku msonkhano.

Kunali chakumapeto kwa nthawi ya chipani chimodzi, ndili kalaliki pa ofesi ina ya zaulimi ku Machinga. Anatibweretsera kompyuta, chimakina chake n'kuchiika m'chipinda cha abwana, kwanga n'kuikako sikirini yakuda ndi potayipira, zolumikizidwa ndi waya woyenda pakhoma. Zodinadina za lerozi kunalibe. Unkatayipa lamulo m'Chingerezi, makina n'kukuyankha.

Lolemba lina ndinatayipa lamulo loti anditulutsire mayina a alimi a ku Chikweo ndi kwa Kalembo oyenera kulandira mbewu, makina n'kuyankha kuti lamulo lotero sakulidziwa, chonsecho ndinali nditalitayipa tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Kubwereza, linatheka theka lokha. Kachitatu panangotuluka zilembo zosawerengeka. Ndinayamba kukopera m'kope yankho lililonse ndi nthawi yake, chifukwa ndikanatani?

Mvula inali pafupi, alimi akupalasa njinga kudzafunsa. Abwana, amene chala chawo chinali chisanakhudzepo makinawo, anakauza atcheyamani a chipani kuti vuto ndi kalaliki. Lachitatu atcheyamaniwo anabwera, anandipatsa moni waulemu ndithu, kenaka anati mayina akapanda kutuluka pofika Lachisanu ndikafotokoza kwina chifukwa chimene ndikuchedwetsera chitukuko. Akale mukudziwa kuti wopita kukafotokoza kwinako ankabwera ana atakula.

Lachinayi abwana atachokapo ndinalowa m'chipinda mwawo, n'kutayipa malamulo omwewo pa chimakina chenicheni. Onse anatheka. Ndiye kuti vuto silinali zala zanga kapena makina, koma penapake pakati. Kope langa linkaonetsanso kuti zinkanyanya m'mawa, amesenjala athu akangotha kupukuta fumbi. Ndinautsata wayawo ndi maso kuchoka pa tebulo langa, kukwera khoma, mpaka unalowa kuseri kwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko.

Amesenjalawo, bambo wachikulire wa ku Chiuta, atandiona ndikuyang'ana pamenepo anatseka chitseko. Anandinong'oneza kuti sabata yathayo atcheyamani omwewo anakalipa poona waya ukudutsa pamwamba pa chithunzi, poti panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, ndipo anakhoma okha msomali watsopano n'kuchikweza. Msomaliwo unaboola waya, ndiye amesenjalawo akamapukuta galasi la chithunzicho unkagwedezeka. Ndinawafunsa ngati tingachitsitse tione. Anandifunsa ngati ndatopa nawo ana anga.

Taganizani: kuchitsitsa, mlandu, kunena kuti atcheyamani alasa waya, mlandu woposa, kukhala chete, Lachisanu ndi mawa. Tinapeza waya wotsala m'bokosi la kompyutayo, tinauyendetsa pansi m'mbali mwa chitseko, wakalewo tinangoudula uku ndi uku n'kuusiya pakhoma pomwepo. Mayina anatuluka masana omwewo.

Abwana anafuna lipoti. Ndinalemba kuti waya anaudya makoswe, ndinasaina, iwo anadinda. Atcheyamani anatidzudzula chifukwa cha uve, n'kulamula kuti ofesi iwete mphaka. M'zaka zanga zonse za ntchito, bodza limene ndinasainira ndi limeneli lokha, ndipo mpaka lero limandiwawa kuposa mantha a sabata imeneyo.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti makina sapenga okha, pamakhala wina amene wasuntha chinachake. Inu a makompyuta, akayamba kukana lamulo limene dzulo ankalimva, musathamangire kuloza chala wotayipa. Yambani mwafunsa chimene chasintha m'chipindamo. Ndipo mukapeza kuti wachisintha ndi munthu amene sangauzidwe, dziwani kuti chofunika kukonza pa ofesi imeneyo si kompyuta.