Nati ya Makina a Sibweni

Ndikukumbukira chaka chimene ndinatsala pang'ono kupha malume anga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sanandilakwire chilichonse.

Kwathu ku Chisenga tinkawatchula a sibweni. Anali ndi makina ozunguza mtengo, osemera miyendo ya mabedi ndi mipando, oyendera injini ya chigayo chakufa. Mtengo unkapanidwa pakati pa zitsulo ziwiri zosongoka, ndipo chitsulo cha kumapeto chinkagwidwa ndi nati imodzi yaikulu kunsi kwa tebulo. Natiyo ndinaimasula ine Lamlungu masana, chifukwa galimoto yanga yamawaya inkagubuduka pokhota ndipo inkafunika katundu wolemera. Pamalo pake ndinakulungapo linya n'kupaka girisi wakuda. Uinjiniya wanga unayambira pamenepo, n'kukathera ku koleji chaka chachiwiri, popanda mwambo uliwonse.

Lolemba makina anayamba kugogoda. Gu, gu, gu, mwendo wa mpando n'kumatuluka wokhota ngati chinangwa. A sibweni anazimitsa injini, anakunga lamba, anayatsanso. Gu, gu, gu. Lachiwiri anatenga sikuludilaiva, nsonga pa beringi, chigwiriro pakhutu, n'kumamvetsera ngati adokotala.

"Beringi ali bwino," anatero. "Nanga vichi? Iwe, sunaone munthu akugwiragwira pano?"

"Ayi, sibweni."

Natiyo inali m'thumba la kabudula wanga, ikuwotcha ntchafu. Ndinkafuna kuibwezera, koma anali atayamba kukhoma shedi ya makinawo nthawi zonse akamatuluka.

Lachitatu m'mawa anagamula kuti vuto ndi mitengo yaiwisi. Ananyamula chipika chouma cha mlombwa, cholemera ngati mwana wa mbuzi, anachipana, n'kupukusa injini. Utsi wa dizilo unadzaza shedi. Chipika chinayamba kuzungulira, tebulo lonse likunjenjemera, ndipo ine, amene ndinkadziwa poyang'ana, ndinaona chitsulo cha kumapeto chikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. A sibweni anawerama, nkhope pafupi ndi mtengo, kuti amve kumene phokoso likuchokera.

Ndinaganiza za chikoti chawo, chodulidwa ku lamba wakale wa chigayo. Ndinaganizanso za mano awo, amene chipikacho chikanawagulula. Ndikuvomereza kuti ndinaganiza nthawi yaitali ndithu.

"Sibweni, chokani! Nati ili kuno!"

Anadzuka kuti andiyang'ane. Nthawi yomweyo chipika chinafwamphuka, chinadutsa pamene panali mutu wawo, n'kukamenya khoma. Njerwa ziwiri zinagwera kunja, dzuwa n'kulowa.

Anazimitsa injini. Munali zii, utuchi wokha ukutsika. Anatambasula dzanja, ine n'kuikapo nati. Anagwada, anakanda girisi ndi chala, anasolola linya lija n'kuliyang'ana.

"Chiuta wane," ananong'ona.

Ndinatembenuka ndekha n'kugwira tebulo, kudikira chikoti. Sichinabwere. Ndinangomva nati ikugwa pansi, akuitola, ikugwanso. Nditacheuka ndinawaona akulephera kuilowetsa pa bawuti. Anakhala pansi pa utuchi, bambo wamkulu wandevu zake.

"Bwera, mwana wa mlongo wanga. Manga ndiwe. Ine manja akana."

Ndinaimanga ndikulira, iwo akundiuza mbali yozunguzira sipanala.

Nthawi imeneyo ndinkayesa ndapulumuka. Panopa ndimadziwa kuti kwa masiku atatu ndinkayeza matako anga ndi nkhope ya munthu amene ankandidyetsa, ndipo nkhopeyo inangopambana pang'ono pokha. Chimenechi ndicho chimandiopsabe mpaka lero, kuposa chipika.