Kokatenga Tiyamike ku Nathenje

Chikondi, lemba zilembo zikuluzikulu, chifukwa izi akaziwerenga pa msonkhano wa amayi Lachinayi, ndipo amene amawerenga aja maso awo ndi ngati anga omwewa. Usakonze mawu anga. Lemba mmene ndikunenamu.

Ndinanyamuka Loweruka kutangocha, pansi pali chinyontho cha mvula. Chimene chinandinyamula ndi mdzukulu wanga Tiyamike, mkulu wake wa amene akulembayu. Mayi awo ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndiye ana ndimasunga ndine. Tiyamike ndi wa zaka sikisitini, Folomu 3. Pa tchuthi cha Khirisimasi analandira uthenga pa foni woti ku Nathenje kukufunika anyamata ndi atsikana ochangamuka, ntchito ya mu ofesi, za sukulu safunsa. Anapita, ati kukangoona. Sukulu inatsegulidwa, iye osabwera. Ndiye Lachisanu aphunzitsi aakulu anandiitanitsa n'kundiuza kuti Lolemba akapanda kuoneka m'kalasi, malo ake apatsa wina. Basi nkhani yake ndi imeneyo.

M'dengu ndinaikamo ufa, mtedza ndi mango. Kuchoka kwathu kukafika pa Mitundu ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, K1,500. Mnyamatayo ati, "Agogo, mundigwire m'chiuno." Ndinamuuza kuti mwamuna wanga anamwalira inde, koma chiuno cha mwana wa eni ine sindigwira. Ndinagwira chitsulo chakumbuyo. Pa dambo paja njinga inatsetsereka m'matope, ndinangopezeka ndamugwira m'khosi. Sitinakambirane za zimenezo.

Pa Mitundu ndinaona minibasi yooneka ngati yadzaza, ndiye ndinathamangira. Nditangokhala, anyamata atatu amene anali m'katimo anatsika mmodzimmodzi n'kukakhala mu minibasi yakumbuyo. Ndinafunsa kondakitala kuti anthu aja ndawalakwira chiyani. Ati, "Ayi agogo, amenewo ndi ongokhalamo kuti anthu azikopeka." Kani pali ntchito yongokhala. Tinadikira mpaka dzuwa linafika apa. Dzanja langali sungalilembe, ingolemba kuti cha m'ma naini. Nthawi imeneyo n'kuti nditadya chimanga chootcha ndi mango awiri a Tiyamike.

Mpaka pa mphambano ya ku Bunda anandilipiritsa K3,500. Pambali panga panakhala mayi wina wogulitsa tomato, bondo lake lili m'nthiti mwanga. Titadutsa phiri la Bunda anandifunsa kumene ndimapita. Ndinayankha mokweza pang'ono kuti ndikukaona mdzukulu wanga wogwira mu ofesi ku Nathenje.

"Ofesi ya malaya achikasu ija?"

Ndinati za malaya sindikudziwa.

"Wanganso anapita komweko," anatero mayiyo. "Ndinamutsatira. Ndinakalipa pamaso pa anzake, anandikana. Anadzabwera yekha mayeso atadutsa, ali ndi katoni ya sopo ndi chifuwa."

"Sopoyo?"

"Tikusambabe. Satulutsa thovu."

Kuyambira pamenepo sindinalankhulenso mokweza.

Pa mphambano ndinasintha, n'kukwera yopita ku Dedza, K3,000. Kondakitala wake amafuna dengu lilipirenso. Ndinaliika pamiyendo n'kumuuza kuti ndi mimba yanga. Anaseka, anandisiya.

Pa Nathenje ndinatsika dzuwa lili pamutu. Dzina la kampani ndi lachizungu, ndinaliloweza kunyumba koma linagwera m'njira. Ndinapita kwa bambo wina wa pachiwaya n'kumufunsa za ofesi yolemba ana ntchito. Sanakweze n'komwe mutu, amangotembenuza tchipisi. Ati, "Ana oomba m'manja aja? Kuseri kwa chigayo. Mungotsata phokosolo, lina ndi la chigayo, lina ndi iwowo."

Ofesiyo kale inali yoonetseramo mafilimu, mabenchi ake ndi omwe aja. Pakhoma panali chithunzi cha galimoto yoyera, munthu wonenepa atatsamira. Pamabenchi panali ana odzaza, malaya achikasu okhaokha, akuimba nyimbo yoti umphawi ndi kusankha. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti odi. Tiyamike anandiona, nyimbo inamuthera m'kamwa.

Kutsogolo kunali mnyamata wa jekete, ndevu zisanagwirane bwino. Ameneyo ndiye a Manijala. Anafunsa kuti mlendoyu ndi wa ndani. Tiyamike anakweza chala pang'ono. A Manijala anakuwa kuti, "Tiya wabweretsa munthu!" Abale, nyumba yonse m'manja, nthungululu, wina mpaka analiza wezulo. Ine chikwatiwire sindinalandiridwepo choncho. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mwana aliyense amayenera kubweretsa anthu olowa, ndipo wangayo chipitire anali asanabweretsepo ndi mmodzi yemwe. Woyamba ndinali ine.

Anandikhazika benchi yakutsogolo, dengu pamiyendo, phunziro n'kuyamba. Katundu wawo ndi sopo wochotsa ziphuphu, mafuta odzola, ndi tiyi wochepetsa thupi. Tiyi wochepetsa thupi, amayi, mwezi wa Januwale uno, kumagulitsa m'midzi momwe anthu akudya kamodzi. Anawo amasenza zikwama n'kumayenda khomo ndi khomo, ena mpaka cha ku Diamphwe uko. Koma a Manijala anati chuma chenicheni sichili m'kugulitsa. Ati, "Mami, inu mubweretse anthu awiri. Awiriwo abweretse awo awiriawiri. Iwonso chimodzimodzi. Inu muli pamwamba, galimoto ija ndi yanu."

Ndinati, "Bambo, zimenezo ine ndinachita kale. Ndinabweretsa ana asanu ndi awiri, iwo anabweretsa awo, ena mpaka anayi. Ndili pamwamba ndithu. Ndabwera pa kabaza."

Ana ena anaseka. A Manijala anati amenewo ndi maganizo akale. Ndinafunsa za malipiro. Ati pakadali pano anawo akulandira mapointi. Ndinafunsa kuti mapointiwo amawathira tomato kapena nsinjiro. Pamenepo anati tipume kaye.

Tiyamike ananditengera kuseri, ku kachipinda komwe amagona atsikana. Mphasa ziwiri, mbaula, ndowa yolandira madzi odontha. A NaPhiri, ngati muli pa msonkhanopo, Edina wanu ndinamuona m'menemo. Ali moyo, akupereka moni, wawonda. Wanganso malaya achikasu aja amangolendewera m'mapewa. Ndinayang'ana mapazi. Patapata wake anatha kuchidendene, zidendene zake ming'alu yolowa khobidi.

Mayi wa tomato uja anali atandichenjeza, koma pakamwa panga mukupadziwa. Ndinakhuthula zonse, atsikana ena akumva. Ndinanena za aphunzitsi aakulu, za Lolemba, za mayi ake amene akusoka fodya ku Kasungu kuti iye aphunzire. Ndinamufunsa kuti ofesi ija ili kuti.

Anauma nkhope. Ati, "Agogo, inu simungamvetse. Ine ndi wabizinesi tsopano. Osiya panjira kuno timawatcha olephera, timawaimbira nyimbo potuluka. Ndiye ndikafike kumudzi azikati uja amati wapeza ya mu ofesi uja ndi ameneyu? Ayi. Sindipita."

Kunena zoona, ndinathedwa. Mwana wa Folomu 3 sungamubereke kumbuyo. Ndinatsitsa ufa, mtedza ndi mango otsalawo. Atsikanawo mango aja anadya ndi makoko omwe. Ndinatuluka kukasamba m'maso pa mjigo, dengu ndinalisiya m'chipindamo. Pobwera ndinapita kukatsanzika kwa a Manijala.

"Bambo, ndaona ntchito yanu. Ine ndikupita."

"Osalembetsa, mami?"

"Ndikaganize."

Ati chabwino, koma anawo akulowa m'midzi tsopano, nthawi ndi ndalama. Ndinangoima pakhomopo. Sindinasunthe. Mlendo wamkulu ngati ine sangotuluka pakhomo yekha ngati nkhuku, ngakhale ku ofesi. Ndinaima, iwo akundiyang'ana, ine ndikuwayang'ana. A Manijala ajanso ali ndi kwawo, analeredwa ndi munthu. Anakanda kumutu n'kunena kuti, "Tiya, aperekeze agogo pa siteji. Ubwere msanga."

Tiyamike analowa kukatenga dengu, analisenza pamutu, chitenje changa chili chovundikira pamwamba. Tinayenda iye kutsogolo, ine pambuyo. Pa siteji minibasi inaima. Anatula dengu kuti andipatsire. Nditaligwira, dzanja linatsika. Dengu loti ndakhuthula ndekha likulemera chonchi? Ndinasuzumira pansi pa chitenje. Bulangeti lake, nsapato zake za ku sukulu, ndi kam'swachi.

Ndinamuyang'ana. Iye amayang'ana ku chigayo.

Amayi, pamenepo ndi pamene ndinachita chinthu chimodzi chanzeru pa ulendo wonsewu. Ndinatseka pakamwa. Kenako ndinati, "Iwe, bondo langali sitepe iyi silikwera. Tandikankha." Anandikankha. Ndinati, "Pa mphambano paja magalimoto amathamanga ngati amisala, ndani akandiolotse?" Anati, "Ndingokufikitsani pa mphambano basi, agogo. Ndikungokuperekezanitu." Ndinati eya.

Kondakitala ati, "Awiri?" Ndinati mmodzi ndi womuperekeza. Ati womuperekeza amakhalanso pampando. Ndinalipira.

Tisanafike patali foni yake inayamba kulira. Anayankha, "Ee bwana, ndikuwaperekeza." Pa mphambano ya ku Bunda anandigwira dzanja n'kundiolotsa. Ndinagula tchipisi cha pachiwaya ndi kabichi, ndinati ine mano andipweteka, tandithandize. Anathandiza mpaka ananyambita pepala. Minibasi ya ku Mitundu itabwera, ndinangoyang'ana dengu, n'kuyang'ana bondo. Ati, "Pa Mitundu pokha, agogo." Ndinati eya.

Foni inaliranso tikudutsa phiri lija. Mawu a Manijala amamveka mpaka kumpando wakumbuyo. "Siteji yake iti imeneyo, Tiya?" Iye ati, "Agogo sayenda msanga, bwana." Italira kachitatu anaizimitsa, n'kutsamira paphewa langa, tulo. Malovu anandinyowetsa bulawuzi yanga ya ku tchalitchi.

Pa Mitundu tinafika dzuwa litapendeka. Tiyamike anavala juzi langa pamwamba pa malaya achikasu aja, ati kukuzizira. Kunali kutentha. Kabaza uja wa m'mawa anatipeza, anatikweza tonse awiri. Polowa m'mudzi, a Nachisale a pa grosale, amene nkhani siiwadutsa, anakuwa kuti, "Aa, a mu ofesi abwera! Mwatenga holide?" Ndinayankha ndine mwana asanatsegule pakamwa. Ndinati, "Wangondiperekeza. Ana olemekeza akulu alipobe." A Nachisale anangobwerera m'grosale opanda nkhani yokauza anthu, ndipo inu mukuwadziwa kuti zimenezo sizichitika kawirikawiri.

Chimene ndinaphunzira ndi ichi. Ana athuwa akudziwa kale kuti anawanamiza, njala yawauza. Chikuwasunga kumeneko ndi manyazi. Mukapita ndi ukali ngati mmene ndinayambira ine, mukabwerako nokha. Pitani ngati alendo, mutenge dengu lalikulu, mulisiye m'chipinda kanthawi, musafunse zambiri. A NaPhiri, langa lilipo, mudzabwereke.

Lolemba Tiyamike anadzuka yekha, anasita yunifolomu, anavala nsapato zija. Ali pakhomo anatembenuka, ati, "Agogo, ntchito ija sindinasiyetu. Ndinangokuperekezani." Ndinati ndikudziwa mwanawe, koma bondoli silinapole, uzindiperekezabe mpaka ulembe Folomu 4. Ati tiona. Anapita ku sukulu.